Tifunseni: Kugona m'nyumba yaudzu ku Japan

Akonzi, mu Januwale ndikupita ku Nagoya kukachita maphunziro. Anzanga akuti tikagone usiku umodzi m'nyumba yaudzu ku Shirakawa-go. Ine ndinakulira m'nyumba yaudzu ku Ntcheu, ndiye chachilendo n'chiyani choti ndiwonongere ndalama? Nanga ndikonzekere bwanji?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, pitani ndithu. Udzu ndi udzu, koma kamangidwe kake n'kena. Nyumbazi amazitcha gassho-zukuri, kutanthauza manja opemphera, chifukwa denga lake ndi lotsetsereka kwambiri, pafupifupi madigiri 60, ngati zikhatho ziwiri zogundana nsonga. Analimanga choncho kuti chipale chofewa, chimene kumeneko chimatha kufika mamita awiri, chizitsetsereka chisanathyole mapaso. Mkati mwa dengamo muli nsanjika ziwiri kapena zitatu momwe kale ankawetamo mbozi zopanga ulusi wa silika. Mukakwerako, yang'anitsitsani pamene mitengo yakumana. Simuona msomali, koma zingwe zaudzu ndi nthambi zanthete zotchedwa neso, zomwe zimamanga kolimba zikamauma. Mphepo ikawomba denga limagwedera pang'ono m'malo mosweka.

Mudzi waukulu wa m'dera la Shirakawa-go ndi Ogimachi, m'chigawo cha Gifu. UNESCO inauika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1995 pamodzi ndi midzi ya Ainokura ndi Suganuma ya m'dera loyandikana nalo la Gokayama. Kuchokera ku Nagoya basi imatenga pafupifupi maola atatu, kuchokera ku tauni ya Takayama mphindi 50. Gulirani tikiti pasadakhale, nthawi yachisanu mipando imatha.

Nyumba zogonamozi amazitcha minshuku. Ndi pakhomo pa eni, osati hotela, ndipo alendo ambiri amaphonya pomwepa. Malo muyenera kusungitsa miyezi ingapo isanakwane nthawi, poti zipinda n'zochepa. Mtengo amawerengera pa munthu, osati pa chipinda, ndipo nthawi zambiri umaphatikiza chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Tengani ma yen, ndalama za ku Japan, pamanja, si onse amalandira khadi. Fikani dzuwa lisanalowe, chifukwa chakudya amapereka cha m'ma 6 koloko ndipo sayembekezera munthu. Chikwama chachikulu chisiyeni ku Nagoya. Mateyala ake amawononga tatami, mphasa zochindikala zomwe zayalidwa pansi, ndipo pachipale sichikokeka.

Nsapato zimatsala pakhomo. Akupatsani masilipasi, koma nawonso amavulidwa musanaponde tatami, ndipo kuchimbudzi kuli ena akomweko. Musatuluke nawo moiwala!

Kuzizira ndiye nkhani yaikulu. Zipinda amazigawa ndi zitseko zotsetsereka zamatabwa ndi mapepala, zambiri zopanda loko, moti mnzanu akatsokomola mumamva. Mugona pa futon, matiresi oyala pansi. Mbaula yapalafini imene akuikireni muzimitse pogona, chifukwa m'chipinda chotseka mpweya wake umapha munthu ali m'tulo. Valani masokosi ochindikala, chipewa chaubweya ndi zovala zamkati zotentha.

Pakati pa nyumba pali irori, dzenje lamakona anayi lodzaza phulusa pomwe pamayaka moto, ketulo italendewera pamwamba pake. Utsi wake umadutsa m'mipata ya matabwa n'kukafika kudenga, kumene umaumitsa udzu, kuthamangitsa tizilombo ndi kulimbitsa zingwe zija. N'chifukwa chake mitengo yonse ndi yakuda bii ndi mwaye, ngati tsindwi la khitchini ya agogo. Nyumba imene yasiya kukoleza moto denga lake limaola msanga. Zovala zanu zinunkha utsi, ndipo ngati muli ndi mphumu nenani posungitsa malo. Fodya ayi, moto amauopa kwambiri moti mudzi wonse uli ndi mipopi yothira madzi pamadenga.

Akonzi, ndamva kuti ku minshuku alendo onse amasamba madzi amodzi. Zoona?
Bambo wa ku Mzuzu

Zoona, bambo, koma bafalo si losambiramo. Mumayamba mwakhala pa kampando kunja kwake, kudzipaka sopo n'kutsukuluza thovu lonse. Mukatero ndiye mumalowa m'madzi otenthawo kukangofunditsa thupi. Sopo ndi thaulo siziloledwa m'madzimo, ndipo potuluka musatsegule chotsekera kuti madzi atayike, pali ena akudikira pambuyo panu.