Mwana wanu akufuna uinjiniya wa usilikali: kodi muyeso amautsitsa chifukwa ndi mkazi?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakonda kuwerenga zimene ndimalemba. Dzina sinditchula. Mwana wawo wamkazi akumaliza maphunziro a zomangamanga, ndipo mtima wake wonse uli pa kulowa usilikali, ku gulu la mainjiniya. Anandifunsa motere: "Anzanga ena akuti akazi amangowapatsa mayeso opepuka kuti chiwerengero chikwane, ndiye ikavuta nkhondo amasanduka mtolo kwa anzawo. Ena akuti ayi, amawathamangitsa ngati amuna mpaka amabwerako olumala. Zoona ndi ziti? Ndimulole kapena ndimukanize?"

Bambo, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya mwana wanu. Anzanu a mbali zonse ziwiri agwirako kachidutswa ka zoona, koma asakaniza zinthu ziwiri zimene ine ndimaumirira kuti zizikhala padera: muyeso umene msilikali ayenera kuufika, ndi njira imene aphunzitsi amamudutsitsa kuti akaufike. Muyeso uyenera kukhala umodzi. Njira siyenera kufanana kwa aliyense. Ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe taona kaye ntchitoyo.

Injiniya wa usilikali ndi amene amatsegulira anzake njira n'kutsekera adani. Amamanga mlatho pamene wakale waphulitsidwa, amafukula mabomba okwirira, amakumba ngalande zobisalamo, amagwetsa zotchinga ndi zophulitsira. Kumbuyo kwake kuli ena a gulu lomwelo oyendetsa akatapila, oyeza malo, okoka magetsi, oyeretsa madzi akumwa, ojambula mapu. Ntchito zambiri mwa izi zimalira mutu wabwino ndi dzanja lodekha kuposa minofu. Koma pali zina zimene minofu singazembeke.

Tengani mlatho wa Bailey, umene anaukonza Donald Bailey wa ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mpaka lero ukugwirabe ntchito m'maiko ambiri. Umamangidwa ndi zigawo zachitsulo zimene anthu amanyamula pamanja. Chigawo chimodzi n'chotalika mamita 3, ndipo chimalemera pafupifupi makilogalamu 260. Amachinyamula anthu 6, atatu uku atatu uko, atapisa mipiringidzo yonyamulira. Wolamula akafuula, onse amadzuka nthawi imodzi, n'kuyenda timasitepe tating'ono pamatope a m'mbali mwa mtsinje, nthawi zina usiku popanda nyali, mpaka mabowo a chigawocho atalunjikana ndi a chinzake kuti wina akhomere chikhomo ndi hamala. Aliyense pamenepo wasenza makilogalamu oposa 40. Mmodzi akangofooka bondo, kulemera konse kumathamangira kwa mnzake wa pambali, ndipo msana kapena phazi la munthu limapita. Akatula chimenecho amabwerera kukatenga china, kenako chinanso, mpaka mlatho utafika tsidya.

Chitsulo chimenecho sichifunsa kuti wachigwira ndani. N'chifukwa chake ndikunena kuti pa ntchito ya mtundu uwu muyeso uzichokera ku ntchitoyo, ndipo ukhale umodzi. Dziko la Canada, limene linatsegulira akazi ntchito za kunkhondo mu 1989, linatsata nzeru imeneyi mu 2013 pokhazikitsa mayeso otchedwa FORCE. Mmenemo munthu amakweza thumba la mchenga la makilogalamu 20 maulendo 30, amayenda nalo uku ndi uku, amathamanga n'kudzigwetsa pansi n'kudzukanso, amakoka matumba olemera ngati mnzake wovulala. Malire opambanira ndi amodzi kwa mwamuna ndi mkazi, wamng'ono ndi wamkulu. Mayeso otere ndimawakonda chifukwa chilichonse chili mmenemo ungachiloze n'kunena kuti, ichi ndi chimene udzachite tsiku lina.

Tsono anzanu oyamba aja sanapeke nkhani yawo. Ku America gulu lankhondo lapamtunda linatsegulira akazi ntchito ya uinjiniya wa kutsogolo kwa nkhondo mu 2015, ndipo mu December chaka chomwecho nduna ya zachitetezo, Ash Carter, inalengeza kuti ntchito zonse zatseguka. Kenako gulu lapamtundalo linakonza mayeso atsopano olimbitsa thupi oti akhale ofanana kwa onse. Akazi ambiri ankagwa pa gawo limodzi, lolendewera pa chitsulo n'kukokera mawondo m'zigongono. Mu 2022 gawolo linachotsedwa, ndipo kachongedwe kanayamba kutengera zaka za munthu komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Mu 2025 anasinthanso: pa ntchito 21 za kutsogolo kwa nkhondo, kuphatikizapo ya mainjiniya omenya nawo nkhondo, muyeso unabwerera pokhala umodzi kwa amuna ndi akazi. Choncho inde, zilipo nthawi ndi malo pamene akazi anachongedwa mosiyana. Koma muzisiyanitsa mayeso ongoona ngati munthu ali ndi thanzi, amene ngakhale bambo wa zaka 50 amamuchepetsera poyerekeza ndi mnyamata wa zaka 20, ndi mayeso otsimikiza kuti angathe ntchito inayake. Oyambawo kusiyana kwake sikundivuta. Achiwiriwo ayi.

Ndipo amene amaumirira kwambiri zimenezi nthawi zambiri ndi akazi omwe. Kristen Griest, mmodzi mwa akazi awiri oyamba kumaliza sukulu ya Ranger, ya maphunziro owawa kwambiri a asilikali a ku America, mu August 2015, analemba poyera mu 2021 kutsutsa zotsitsa muyeso, ponena kuti zimenezo zivulaza gulu lankhondo komanso akazi eni ake. Ndikumumvetsa. Mkazi amene wakhoza ndi thukuta lake, koma aliyense akudziwa kuti panali khomo lapadera, amakhala moyo wake wonse wa usilikali akuyankha mlandu umene sanapalamule. Lamulo lake anyamata amalimvera mokoka miyendo. Kumuchitira chifundo chotere n'kumulanda ulemu.

Mkazi wachitatu kumaliza sukulu yomweyo, mu October 2015, anali injiniya: Meja Lisa Jaster, wa zaka 37, mayi wa ana awiri. Maphunziro amene amatenga miyezi iwiri ngati sunabwereze gawo lililonse, iye anamutengera pafupifupi miyezi 6, akubwereza pamene wagwa mpaka anamaliza. Mainjiniya a ku America alinso ndi kosi yawoyawo yowawa ya masiku 28 ku Fort Leonard Wood, m'chigawo cha Missouri, yotchedwa Sapper Leader Course, ndipo inayamba kulandira akazi kale mu 1999, nkhani ya Ranger isanamveke n'komwe. Diana Holland, amene mu 2016 anakhala mkazi woyamba kuyang'anira ophunzira usilikali ku West Point, sukulu yophunzitsa atsogoleri a asilikali ku America, nayenso ndi injiniya. Mwana wanu sakulowera m'tchire lopanda mapazi.

Tibwere kwa anzanu achiwiri, a nkhani ya kulumala, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga uli. Sitingabisale kumbuyo kwa chala: mwa anthu ambiri, mkazi amakhala ndi mphamvu zochepa kuposa mwamuna, makamaka m'mapewa ndi m'mikono, mafupa ake ndi ocheperako, ndipo kawirikawiri ndi wamfupi. Alipo akazi oposa amuna ambiri, koma tikamanena za gulu, kusiyanako kulipo. Gulu lankhondo la Britain mu 1998 linayamba kuphunzitsa akazi ndi amuna mofanana ndendende, liwiro limodzi, katundu mmodzi. Dokotala wa asilikali Ian Gemmell anawerengera zotsatira zake n'kuzifalitsa mu 2002. Akazi ochotsedwa usilikali chifukwa cha kuvulala kobwera ndi kupanikiza thupi anakwera kuchoka pa 4.6 peresenti kufika pa 11.1 peresenti, pamene amuna sanafike ndi pa 1.5 peresenti pomwe.

Kuvulala kwake n'kotani? Taganizirani gulu likuguba. Aatali ali kutsogolo, ndiwo akupereka sitepe. Mtsikana wamfupi ali kumapeto kwa mzere, chikwama cholemera kumsana, mfuti m'manja. Kuti phazi lake ligunde pansi limodzi ndi la anzake, ayenera kutambasula mwendo kupitirira pamene thupi lake limafika. Kamodzi palibe kanthu. Koma makilomita ambirimbiri pa tala, tsiku ndi tsiku, minofu ikukoka fupa la m'chiuno pamalo amodzimodzi, fupalo limayamba kang'alu kosaoneka ndi maso. Iye amangomva kuwawa m'mphechepeche, n'kukhala chete poopa kuti anena kuti ndi waulesi. Akamafika kwa dokotala, fupa lathyoka.

Anthu a ku Australia anakumana ndi vuto lomweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene akazi 11.2 peresenti a pa maphunziro oyamba a usilikali ankang'aluka mafupa a m'chiuno. Sanathamangitse akaziwo, ndipo sanathetse kuguba. Anachepetsa liwiro la maulendo a pansi kuchoka pa makilomita 7.5 kufika pa makilomita 5 pa ola, analola aliyense kuponda sitepe ya msinkhu wake, anatalikitsa mipata m'mizere, anayamba kuthamangira pofewa, ndipo m'malo mwa mtunda wautali anaika kuthamanga kodukizadukiza. Chiwerengero chija chinatsika kufika pa 0.6 peresenti. Nkhani imeneyi ndimaibwereza kulikonse, chifukwa ikuonetsa kuti zambiri zimene timazitcha kufooka kwa akazi ndi kusaganiza bwino kwa okonza maphunziro. Fupa limalimba likamasenzetsedwa pang'onopang'ono, koma limachedwa kuposa minofu ndi mapapo. Mphunzitsi wofuna kuti zonse zitheke m'milungu yochepa amathyola anthu amene akanakhala asilikali abwino.

Zida nazo zili ndi mbali yake. Kwa zaka zambiri majekete oteteza ku zipolopolo, zikwama ndi nsapato ankazisoka poyezera thupi la mwamuna. Jekete lotalika limakanikiza ntchafu munthu akagwada, lotambalala m'mapewa limalepheretsa kukhazika bwino mfuti. Injiniya wofufuza bomba amagwira ntchito chogwada kapena chafufumimba kwa maola, ndiye chovala chosamukwana si nkhani ya maonekedwe.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma sindingachisiye. Choopsa kwa mkazi ku usilikali si katundu yekha. Mu 2021 komiti ya nyumba ya malamulo ku Britain, motsogozedwa ndi Sarah Atherton, inamva kuchokera kwa akazi oposa 4,000 amene ali kapena anali asilikali, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse ananena kuti anazunzidwapo, kuvutitsidwa kapena kusalidwa. Ili ndi dziko limene linatsegula ntchito zonse kwa akazi mu 2018. Mwana wanu adziwe kumene angakadandaule kopanda kudzera kwa amene akumuvutitsayo, ndipo adziwe kuti akakuimbirani foni mudzamumvera osamuuza kuti unazifuna wekha.

Za kumulola kapena kumukaniza, Bambo, mwanayo wakula, ndipo ndikuona kuti maganizo anamanga kale. Chimene chili m'manja mwanu ndi kumuthandiza kuti apite wokonzeka. Afufuze mayeso enieni a gulu limene akufuna kulowa, ndipo alinge pamwamba pa malire opambanira, osati pamalire penipeni. Ayambe miyezi 6 kapena kuposerapo nthawi isanakwane. Kuthamanga kokha sikukwanira: anyamule zitsulo, kuzidzutsa pansi msana uli wowongoka, kuzikweza pamwamba pa mutu, kuyenda atanyamula zolemera m'manja onse awiri. Kuyenda ndi chikwama ayambe ndi makilogalamu ochepa, n'kumawonjezera kulemera kapena mtunda, chimodzi pa nthawi, osati zonse sabata imodzi. Lamba wa chikwama azimanga m'chiuno kuti mapewa asasenze okha. Adye mokwanira, ndipo ayezetse magazi, chifukwa kuchepa kwa ayironi n'kofala kwa atsikana ndipo kumadya mphamvu mwakachetechete. Akaona kuti wasiya kusamba pamene akulimbitsa thupi kwambiri, asachitenge ngati mwayi: ndi chizindikiro chakuti thupi likulandira chakudya chochepa kuposa chimene likuwotcha, ndipo mafupa ndi amene amalipira. Nkhani imeneyi mwina amayi ake kapena azakhali ake ndi amene angakambe naye momasuka.

Ndipo kuwawa kwa pamalo amodzi pa fupa, kumene angakuloze ndi chala chimodzi, kumene kukukula akamayenda m'malo mochepa, apite nako kwa dokotala sabata yomweyo, ngakhale sajeni atakwinya nkhope.