Za Bear Bryant amene mwafunsa uja

Achemwali, mwafunsa kuti Bear Bryant ndi ndani, popeza mwana wanu wangoyamba sukulu ku Tuscaloosa ndipo akukuuzani kuti dzinali lili ponseponse, pabwalo la mpira, pamsewu, mpaka anthu kumavala zipewa zamawangamawanga akuda ndi oyera pomukumbukira. Mundilole nditalikitseko pang'ono.

Anali kochi wa timu ya mpira ya yunivesite ya Alabama, yomwe ili ku Tuscaloosa komweko, ndipo ankakonda kuvala chipewa chotero. Mpira wake si wathu wa mapaziwu ayi, ndi uja wa ku America wogundana ngati nkhosa zamphongo. Dzina lake lenileni ndi Paul Bryant. Anabadwa mu 1913 ku Moro Bottom, kumudzi kwenikweni m'boma la Arkansas, m'banja la ana 12 lodalira khasu. Dzina loti Bear, kutanthauza chimbalangondo, analitenga ali mnyamata wa zaka 13 pomwe anavomera kulimbana ndi chimbalangondo chenicheni m'tauni ya Fordyce, atalonjezedwa dola imodzi pa mphindi iliyonse. Chinamuluma khutu, ndalamayo sanaione, koma dzina linamukakamira mpaka kumanda.

Ine ndimaona kuti kuti mumumvetse munthuyu muyambire paumphawi umenewo. Mpira ndiwo unamuchotsa kumunda, ndiye ankaugwira ndi manja awiri, ndipo aliyense wosewera mwamphwayi ankamuona ngati akutaya chakudya. Ali wosewera pa yunivesite ya Alabama, kuyambira 1933 mpaka 1935, sanali katswiri wa timuyo. Wotchuka anali mnzake Don Hutson. Koma mu 1935 anasewera ndi Tennessee fupa la mwendo lili lothyoka. Ndi mtima umenewu womwe ankaufuna kwa ana a eni atakhala kochi.

Udindo wa kochi wamkulu anauyambira ku Maryland mu 1945 atachoka ku usilikali wa pamadzi, kenako Kentucky, kenako Texas A&M mu 1954. Apa ndi pomwe pali nkhani yomwe ine sindimuikira kumbuyo. Atangofika anatenga osewera n'kupita nawo ku kampu ya masiku 10 ku Junction, kotentha koopsa, nthawi ya chilala, bwalo lake miyala ndi minga. Madzi akumwa pa nthawi ya masewera olimbitsa thupi kunalibe. Anyamata ena ankathawa usiku. Gene Stallings, mmodzi mwa omwe anapirira, ankanena kuti anapita pa mabasi awiri n'kubwerako pa imodzi. Chaka chimenecho timu inapambana masewero amodzi okha mwa 10, ngakhale kuti patapita zaka ziwiri anyamata omwewo anatenga ligi yawo. Ena amatamanda nkhaniyi ngati umuna. Lero kochi atachita zimenezo angachotsedwe ntchito tsiku lomwelo, ndipo n'zoyenera. Mwana wanu atakhala m'basi imeneyo simungaombe m'manja.

Mu 1958 anabwerera ku Alabama, akuti chifukwa "mayi aitana", kutanthauza sukulu yake yakaleyo. Anakhalako zaka 25 n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu n'kamodzi: 1961, 1964, 1965, 1973, 1978 ndi 1979. Sankayang'ana nkhope, ngakhale Joe Namath, yemwe anali katswiri wa timuyo, anamuimitsa kumapeto kwa 1963 ataswa malamulo a timu.

Koma pali china chomwe anthu ovala zipewa aja sakonda kuchitchula. Zikho zitatu zoyambazo anazitenga ndi timu ya azungu okhaokha. Yunivesiteyo inali italandira kale ophunzira akuda mu 1963, chaka chomwe bwanamkubwa George Wallace anaima pakhomo kuwatsekereza, koma timu ya mpira inakhalabe yoyera mpaka zaka za m'ma 1970. Mu 1970 timu ya yunivesite ya Southern California (USC) inabwera ku Birmingham, mzinda wa ku Alabama, ndi osewera akuda, mmodzi wa iwo Sam Cunningham, n'kuwakwapula 42 kwa 21 pamaso pa anthu awo. Pa nthawiyo Bryant anali atasainira kale wosewera wakuda, Wilbur Jackson, ndipo mu 1971 John Mitchell anakhala wakuda woyamba kusewera m'timuyo. Omukonda amati ankafuna kalekale koma ndale zinamumanga manja. Ine ndimati munthu amene mawu ake ankalemera kuposa a andale ambiri m'bomalo akanatha kuchita changu.

Chomwe ndimamupatsira ulemu n'chakuti atakalamba sanaume mutu. Zinthu zitayamba kuvuta mu 1969 ndi 1970, anapita kukaphunzira kaseweredwe katsopano kotchedwa wishbone kwa Darrell Royal wa ku Texas, n'kukakonzekera mwachinsinsi. Masewero oyamba a 1971 anakabwezera USC kwawo ku Los Angeles, 17 kwa 10.

Anapuma kumapeto kwa 1982 atapambana masewero 323, ochuluka kuposa kochi wina aliyense wa m'makoleji akuluakulu pa nthawiyo. Omaliza anali a pa 29 Disembala, pomwe anagonjetsa Illinois 21 kwa 15. Anali atanenapo mwanthabwala kuti akadzasiya mpira sadzatha sabata. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 26 Januwale 1983, patangopita masabata anayi.

Muuzeni mwanayo akapiteko ku nyumba yosungira mbiri yake, ili pomwepo pasukulupo. Chipewacho agule ngati akufuna, koma akafunsenso za Wilbur Jackson ndi John Mitchell.