Funsani Aphunzitsi: mayeso a magiredi kwa ana oimba

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya mayeso a magiredi a nyimbo, nde ndatolapo anayi omwe ndikuona kuti akhudza anthu ambiri.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndili ku Leeds kuno. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9, anayamba vayolini kusukulu chaka chatha. Pano aphunzitsi ake atumiza kalata kuti alowe mayeso a ABRSM Grade 2, ndalama zake sizochepa komanso akuti ndipeze munthu wodzamuimbira piyano tsiku la mayesolo, naye ndimulipire. Ine zimenezi sindinakule nazo, kwathu ku Ntcheu kuimba kunali kukwaya basi. Kodi ndi zofunikadi kapena akungofuna kundidyera? Mayi wa ku Leeds

YANKHO: Amayi, mtima pansi, palibe akukudyerani. ABRSM ndi bungwe la ku London, linayamba kale mu 1889 ndipo limayesa oimba mmaiko ambiri, si ku UK kokha. Magiredi ake amayambira Initial kenako 1 mpaka 8, ndipo sayendera kalasi yomwe mwana ali kusukulu kapena zaka zake, agogo a zaka 70 atha kulowa Grade 1 pomwe mwana wa zaka 12 ali pa Grade 6.

Tsiku la mayeso mwana wanu adzalowa mchipinda momwe muli woyesa mmodzi, ndipo pa magiredi oyambirirawa zonse zimatha mphindi zosakwana 15, Grade 8 ndi yomwe imafika theka la ola. Adzaimba nyimbo zitatu zomwe wasankha ndi aphunzitsi ake mu silabasi, iliyonse ili ndi malikisi 30. Kenako masikelo, kuimba manoti motsatana kukwera ndi kutsika ngati doh re mi, malikisi 21. Kenako amupatsa kanyimbo kakafupi komwe sanakaonepo, akayang'ane theka la mphindi nkukaimba pompo, imeneyo nde sight-reading, nayo 21. Pomaliza mayeso a khutu, woyesa amaimba piyano mwana nkumawomba mmanja motsata kugunda kwa nyimbo kapena kubwereza ndi mawu zomwe wamva, malikisi 18. Zonse pamodzi 150. Kukhoza ndi 100, merit 120, distinction 130. Za wa piyano uja ndi zoona, nyimbo zambiri za vayolini zinalembedwa kuti ziziyenda ndi piyano ndipo kumupeza ndi udindo wa inu olembetsa, nde funsani aphunzitsi ake msanga chifukwa mwana amafunika ayeserere naye kaye asanakumane kuchipinda cha mayeso.

Tsono funso lanu lenileni, kodi nzofunika. Ine ndikuti mulembetseni, bola mwini wake akufuna. Mwana akakhala ndi tsiku lomwe akudziwa kuti akaima pamaso pa mlendo, amagwira vayolini ija mwakhama kusiyana ndi nthawi zonse, komanso amamva ndemanga za munthu yemwe samudziwa, osati mphunzitsi wake yemwe mwina amamunyengerera. Akadzafika Grade 6, 7 ndi 8 ma setifiketiwo amapereka mapointi a UCAS, bungwe lomwe ana amadzera pofunsira malo ku yunivesite za ku UK, ngakhale si kosi iliyonse yomwe imawerengera mapointi amenewo.

Koma pali chinthu chomwe chimandiwawa mtima ndipo ndikufuna muchimvetse pano mwana akadali wamng'ono. Makolo ambiri akangoona setifiketi yoyamba amayamba mpikisano, chaka chilichonse giredi, nde mwana amatha miyezi khumi akungobwereza nyimbo zitatu zomwezo, mayeso akatha atenga zina zitatu, mapeto ake ali ndi Grade 5 koma mukamuuza kuti tatiimbire kanyimbo pa tsiku lobadwa la agogo akusowa chogwira. Zimenezo ayi. Palibe lamulo loti alembe giredi iliyonse, atha kulemba 2, kupuma osalemba 3, nkudzalemba 4 atakonzeka. Pakati apo aziimba nyimbo zambiri zosavuta, alowe okhestra ya kusukulu ngati ilipo, ndipo inuyo muzimuimbira nyimbo za kukwaya ku Ntcheu zija iye azizisaka pa vayolini ndi khutu. Musadziderere kuti simudziwa kanthu, malikisi 18 a khutu aja mutha kumuthandiza ndinu pakhomo pomwepo.

FUNSO: Ine ndili ndi zaka 17, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu kuyambira ndili Standard 7. Nyimbo iliyonse ndikangoimva kamodzi ndaigwira, anthu amati ndine katswiri. Ndikufuna setifiketi yoti ndizionetsa, nde ndingangolowa Grade 8 kamodzinkamodzi? Manoti a staff, olembedwa pa mizere isanu aja, sindimawerenga, ndimadziwa solofa pang'ono. Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Mphwanga, khutu lomwe uli nalolo ndi chuma, ana ambiri omwe anayamba ndi mabuku amalilakalaka osalipeza, nde usalole munthu akuuze kuti zomwe wakhala ukuchita kutchalitchi nzopanda ntchito. Koma ndikuuze zoona zokhazokha, Grade 8 ya piyano panopa siingatheke, ndipo si chifukwa cha luso.

Choyamba ku ABRSM sungalowe Grade 6, 7 kapena 8 usanakhoze Grade 5 ya theory, mayeso a kalembedwe ndi malamulo a nyimbo, kapena ya Practical Musicianship, kapena ya jazz. Theory imeneyo imafuna udziwe manoti a staff bwinobwino, makiyi, ma interval (mipata ya pakati pa manoti), makodi, ndipo kuyambira mu 2020 magiredi 1 mpaka 5 a theory amalembedwa pa intaneti, malikisi 75, kukhoza ndi 50. Trinity College London, bungwe linanso la ku London lomwe linayamba kuyesa mu 1877, silifuna theory kuti ulowe magiredi apamwamba, koma usasangalale msanga chifukwa nyimbo za Grade 8 ndi zolembedwa noti ndi noti, dzanja lamanzere lili ndi zake zenizeni, si makodi omwe umangodziikira wekha mmene wamvera.

Ndikufunseko, batani la transpose umaligwiritsa ntchito kangati? Anyamata ambiri a kiyibodi mmatchalitchi mwathu amaimba chilichonse mu kiyi imodzi, ena C ena F sharp, wotsogolera nyimbo akakweza mawu iwo amangodina batani zala zili pomwe zija. Pa mayeso batanilo kulibe. Woyesa akati sikelo ya E flat ndi E flat basi. Nde ntchito yako yoyamba, isanakhale ya setifiketi, tenga nyimbo imodzi yomwe umaidziwa bwino uiimbe mmakiyi onse 12 opanda batani, ukatero udzaona wekha pomwe uli.

Chachiwiri ndi chida chomwe. Makiyibodi ambiri amtchalitchi ali ndi makiyi 61 opepuka, piyano ili ndi 88 olemera, ndipo mayeso a piyano amafuna piyano yeniyeni kapena ya magetsi ya makiyi olemera yokhala ndi pedo. Zala zomwe zinazolowera zopepuka zimatopa msanga pa piyano ndipo kufewetsa kapena kukweza mawu ndi chala kumavuta. Ngati kulibe komwe ungapeze piyano yoyesererapo masiku onse, ganizira mayeso a Trinity a Electronic Keyboard kapena a Rock & Pop, kapenanso a Rockschool, amenewo ali pafupi ndi zomwe umachita kale ndipo si mayeso achibwana ayi.

Solofa yako ija usaitaye. Ukadziwa kuti doh ali pa mzere uti, staff imayamba kumveka msanga kwambiri. Gula kapena bwereka buku la Grade 1, uziwerenga kanyimbo katsopano kamodzi tsiku lililonse kwa mphindi khumi, osakamvera kaye pa foni chifukwa khutu lako lidzakubera ntchito, udzaganiza kuti ukuwerenga pomwe ukungokumbukira. Anyamata ngati iwe akalimbikira zala zimathamanga, nde mwina mayeso ako oyamba adzakhala Grade 3 kapena 4 osati 1, koma amene anganene zimenezo ndi mphunzitsi woti wakumva ukuimba. Pezako mmodzi olo kamodzi pa mwezi.

Za kolembera, palinso njira ya vidiyo. Mu 2020 ABRSM inayambitsa Performance Grades, umaimba nyimbo zinayi motsatizana kamera ikujambula osaimitsa, nkutumiza pa intaneti, mulibe masikelo, sight-reading kapena mayeso a khutu. Kwa munthu yemwe ali kutali ndi komwe woyesa amafika ndi chithandizo chachikulu. Koma kwa iweyo ndikuchenjeze, njira imeneyi ikhoza kukupatsa pepala uku vuto lako lenileni la kuwerenga lili pomwepo, nde olo usankhe vidiyo, mphindi khumi zija usazisiye.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 14, timakhala ku Johannesburg koma makolo ndi a ku Nkhotakota. Ndikukonzekera Grade 3 ya kuimba ndi mawu. Aphunzitsi anga akuti pali nyimbo imodzi yoimba popanda piyano ndipo andipatsa ya ku Scotland, ine sindikuimva kukoma olo pang'ono. Ndingaimbe ya Chichewa? Mtsikana wa ku Joni

YANKHO: Eya mwana wanga, ungaimbe, ndipo funso lako landisangalatsa kwambiri. Ngati mayeso ako ndi a ABRSM, oimba ndi mawu alibe masikelo, mmalo mwake muli nyimbo yachikhalidwe yoimba wekha popanda chida, malikisi 21, ndipo umasankha wekha kuchokera ku mtundu uliwonse wa anthu, mchilankhulo chilichonse. Chomwe umachita nkumulembera woyesa mwachidule mchingerezi zomwe nyimboyo ikunena. Ngati ndi mayeso a yunivesite ya UNISA kapena Trinity, omwenso amalembedwa kwambiri ku South Africa konko, malamulo ake ndi ena nde muwerenge silabasi yawo limodzi ndi aphunzitsi ako.

Posankha samala ziwiri. Ikhale yachikhalidwe zenizeni, ya pamtondo, yotonthoza mwana, ya mnthano kapena ya masewero a pabwalo, osati ya woimba wa pa wailesi kapena ya mbuku la nyimbo za kutchalitchi. Komanso nyimbo zathu zambiri ndi za wotsogolera ndi ovomera, nde ukakhala wekha mbali ina imasowa, sankha yoti ikuima bwino ndi munthu mmodzi, zotonthoza ana nthawi zambiri zimakhala choncho. Imbira foni agogo kapena azakhali ku Nkhotakota akuimbire pa WhatsApp, akuuzenso tanthauzo lake ndi nthawi yomwe inkaimbidwa. Woyesa amamvetsera ngati ukuthera mu kiyi yomwe unayambira, ngati mawu akumveka, komanso ngati nkhani ya nyimboyo ikufika kwa womvera, ndipo chachitatuchi nchosavuta pa nyimbo yomwe ukuimva mumtima. Aphunzitsi ako afotokozere mwaulemu, uwaimbire kaye aimve.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 12 walephera Grade 4 ya piyano, anapeza 96. Chilandilireni zotsatira sanakhudzenso piyano, akuti iye si woimba. Ine ndinamukalipira tsiku loyamba chifukwa ndalama zinapita zambiri. Nditani? Bambo wa ku Lilongwe

YANKHO: Bambo, kuwawa kwa ndalamako ndikukumvetsa, mayesowa mtengo wake umachokera kunja ndipo kwa ife ndi wolemera. Koma poyamba pitani mukakhale naye pansi mumuuze kuti mawu aja munayankhula mtima uli mmwamba, chifukwa panopa mwanayo akuganiza kuti piyano ndi yomwe yamudanitsa ndi bambo ake, ndipo sangaibwerere zili choncho.

Kenako tengani pepala la zotsatira muliwerenge nonse ndi aphunzitsi ake. Woyesa amalemba malikisi ndi ndemanga pa gawo lililonse, nde 96 ameneyo mumugawe muone komwe malikisi anayi operewera pa 100 aja anatayikira. Pa nyimbo iliyonse mzere wokhozera ndi 20, masikelo 14, sight-reading 14, khutu 12. Kawirikawiri mudzapeza kuti nyimbo zitatu zija anaimba bwino ndithu, zomwe zinamugwetsa ndi masikelo ndi sight-reading chifukwa ndi zomwe ana amazizemba pakhomo ndipo aphunzitsi ena amazikumbukira kutatsala milungu iwiri. Ngati ndi choncho vutolo ndi lokonzeka mmiyezi yochepa. Ngati ndemanga zikunena zoimaima ndi kuyambiranso pa nyimbo zomwe kunyumba amaimba bwinobwino, amenewo ndi mantha, mankhwala ake nkumuzoloweza kuimba pamaso pa anthu, alendo akabwera, ku Sunday school, kusukulu, komanso mumupezere mpata ayese piyano zina osati yakunyumba yokha chifukwa iliyonse ili ndi kulemera kwake.

Simukakamizidwa kumubwerezetsa Grade 4, malamulo amalola kuti apitirire nkudzalowa Grade 5 akakonzeka. Koma temu ino ine ndingakonde asalembetsedwe mayeso aliwonse. Afunseni aphunzitsi amupatse nyimbo zomwe mwini wake wasankha, zina zosavuta kuposa Grade 4 zoti azitha mlungu umodzi, ndipo masikelo azichita awiri okha patsiku asanayambe china chilichonse. Za giredi yotsatira mudzakambirane pomwe wayambanso kukhala pa piyano yekha osatumidwa.