Kupikula magemu ku Japan: zimene iwo amakonda si zimene zimayenda kuno

Achimwene, mwafunsa mmene geni yoitanitsa magemu ndi makina ake ku Japan imayendera, poti mwamva kuti kumeneko n'zotchipa, komanso ngati munthu angathe kuwagulitsa anthu a ku Japan magemu ochokera kunja. Zonse ziwirizi zimatheka, koma poyambira ndi pamodzi: dziwani kaye zimene anthu a kumeneko amasewera. Katundu amene wadzaza m'mashopu a zinthu zakale ku Tokyo ndi amene iwowo anagula, n'kusewera, n'kukagulitsanso. Mukapanda kudziwa zokonda zawo mudzadzaza katoni ndi zinthu zoti mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Area 25 sangaziyang'ane n'komwe.

Ku Japan mfumu ndi Nintendo, PlayStation imabwera pambuyo, ndipo Xbox imagulidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Anthu ambiri amayenda pa sitima tsiku ndi tsiku ndipo nyumba zawo n'zazing'ono, n'chifukwa chake makina ogwira m'manja ngati DS, PSP, 3DS ndi Switch anafala kwambiri. Magemu amene amawakonda ndi a nkhani yaitali, oti munthu amawerenga zambiri n'kumakulitsa anthu ake pang'onopang'ono: Dragon Quest imene inayamba mu 1986, Final Fantasy ya 1987, Pokémon ya 1996. Amakondanso osewera mogwirizana ndi anzawo, ngati Monster Hunter, ndi a banja lonse ngati Animal Crossing, Mario Kart ndi Momotaro Dentetsu, gemu yoyenda pa sitima n'kumagula mabizinesi m'matauni a ku Japan. Splatoon 3 inagulidwa makope 3.45 miliyoni ku Japan kokha m'masiku atatu oyamba mu 2022. Pa masewera, baseball ya Konami imayenda kwambiri. Ndalama zochuluka zedi zimapita ku magemu a pafoni otchedwa gacha, amene munthu amalipira kuti ayese mwayi ngati lotale, koma kumeneko kulibe katundu woti n'kunyamula, ndiye tikusiye.

Tsopano yerekezani ndi zimene mwini shopu ya PS kuno amafunsa: mpira, GTA, Mortal Kombat, WWE, Call of Duty, magalimoto. Pamene zokonda ziwirizi zimakumana m'pochepa: Tekken, Street Fighter, Naruto, Dragon Ball, Gran Turismo, Mario Kart ndi mpira wa Konami. Ine maganizo anga ndi akuti ku Japan muzipikulako makina ndi mapadi, chifukwa anthu a kumeneko amasamala zinthu modabwitsa, ndipo PS4 ya zaka zingapo imabwera ndi bokosi lake ndi timapepala take tonse. Zimbale za magemu amene amayenda kuno muzizifuna ku Joni kapena ku Dubai. Zimbale za PS4 ndi PS5 zimasewera m'makina a dziko lililonse, choncho makina a ku Osaka ndi chimbale cha ku Johannesburg zimagwirizana bwinobwino.

Chinanso chimene chimawagwetsa ambiri ndi bungwe la CERO, limene limaika misinkhu pa magemu ku Japan: A ndi ya aliyense, B kuyambira zaka 12, C zaka 15, D zaka 17, Z zaka 18. Ngakhale pa Z pali malire a magazi ndi kudulana ziwalo. Mortal Kombat 11 sinatulutsidwe ku Japan n'komwe, The Callisto Protocol anailetsa okha eni ake mu 2022 italephera kudutsa ku CERO, ndipo Resident Evil ndi GTA V za ku Japan anazichotsa zina. Kasitomala amene anaona gemuyo pa YouTube amazindikira msanga kuti yake ndi yodulidwa, ndipo amabweza.

Apa m'pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri. Alipo anthu ku Japan amene amafuna dala makope akunja osadulidwa, amene iwo amawatchula kuti kaigaiban, kapena hokubeiban akakhala a ku America, ndipo ku Akihabara, dera la mashopu a zamagetsi ndi magemu ku Tokyo, kuli mashopu owagulitsa. Koma msika umenewu ndi waung'ono ndipo ogula ake ndi okhwima. Bokosi likhale losaphwanyika, pulasitiki yosang'ambika, zithunzi zionetse mbali zonse, ndipo kakanda kalikonse mukanene nokha iwo asanakaone. Malongosoledwe akhale m'Chijapani chomveka, olembedwa ndi munthu wodziwa chinenerocho, chifukwa Chijapani cha makina omasulira amachizindikira ndipo amathawa. Mercari, msika wa pa intaneti wa ku Japan umene anthu amagulitsirapo zinthu zakale, imafuna nambala ya foni ndi adiresi ya komweko, ndiye popanda mnzanu wokhala ku Japan simungagulitse. Kwa munthu amene akutumiza kuchokera ku Lilongwe mtengo wa ndege umadya phindu lonse. Zimenezi zimawayendera amene ali ku Britain kapena ku America.

Pogula, ngati mwapita nokha, mashopu ake ndi Book Off, Hard Off, GEO ndi Suruga-ya, ndipo kunja kwa mzinda n'kotchipa kuposa ku Akihabara kapena ku Den Den Town ya ku Osaka kumene kumadzaza alendo. Ambiri sitipita, timagula pa Yahoo! Auctions ndi Mercari kudzera m'makampani oguliramo anthu akunja monga Buyee, ZenMarket ndi FromJapan. Iwo amagula m'malo mwanu, amalandira katundu kunkhokwe yawo, amamusunga masabata angapo, kenako amamuphatikiza m'katoni imodzi. Amadula mayeni (ndalama ya ku Japan) mazana angapo pa chinthu chilichonse, ndipo mumalipiranso mtengo wotumizira mkati mwa Japan, choncho kugula chimbale chimodzichimodzi n'kuluza. Funani ogulitsa mulu, amene amalemba kuti matome uri.

Fufuzani ndi maina a kumeneko. Resident Evil ndi Biohazard, PES ndi Winning Eleven mpaka pamene inasanduka eFootball mu 2021, Yakuza ndi Ryu ga Gotoku, Mega Man ndi Rockman. Ndipo mawu atatu awa muwaloweze pamtima mmene amalembedwera. 動作確認済み ndiye kuti anayesa ndipo chikugwira. 動作未確認 ndiye kuti sanayese. ジャンク, amene amawerengedwa kuti janku, ndiye kuti chikafika chakufa palibe kodandaula. Janku ndi ya munthu amene ali ndi mmisiri wodalirika, osati woyamba kumene. Pa Switch yakale yang'anani ngati anenapo za timitengo ta mapadi ake a Joy-Con toyenda tokha, ndipo funsani ngati imalowa pa intaneti, chifukwa makina amene anathyoledwa Nintendo amawatseka ndipo satsegukanso.

Nkhani ya maloko muisamale kwambiri. PS1, PS2, Wii, Wii U ndi 3DS za ku Japan zimawerenga magemu a ku Japan okha. PSP, Vita, Switch yoyamba, PS4 ndi PS5 zilibe loko pa magemu, ndiponso pafupifupi magemu onse a PS3. Koma pali msampha watsopano. Switch 2 itatuluka pa 5 June 2025, Nintendo inaika m'mashopu a ku Japan mtundu wa mayeni 49,980 umene uli ndi Chijapani chokha ndipo umalandira akaunti ya ku Japan yokha. Wa zinenero zambiri unali wa mayeni 69,980, wogulitsidwa pa sitolo ya Nintendo ya pa intaneti. Anachita dala kuti alendo asapezerepo mwayi pa kugwa kwa yen, imene mu 2024 inafika 160 pa dola imodzi. Kumapeto kwa 2025 Sony nayo inatulutsa PS5 yopanda polowetsa chimbale ya Chijapani chokha. Mukaona mtengo wotsika modabwitsa pa makina awiriwa, chifukwa chake n'chimenecho, ndipo kuno palibe angaugule.

Kusakhala ndi loko sikutanthauza kuti gemuyo ili ndi Chingelezi. Mario Kart 8 Deluxe, Super Smash Bros. Ultimate ndi Pokémon za pa Switch zili nacho ngakhale bokosi ndi la Chijapani. Splatoon 2 ya ku Japan ilibe, ndipo magemu ambiri a nkhani yaitali pa PlayStation alibenso. Musanagule, tsegulani tsamba la gemuyo pa sitolo ya Nintendo kapena ya PlayStation ya ku Japan, muone pamene alemba 対応言語, ndipo pomwepo pali mndandanda wa zinenero. Gemu yandewu kapena yamagalimoto munthu amaisewera ngakhale asakumva mawu, koma ya nkhani yaitali ya Chijapani chokha imakhala pashelefu mpaka kuchita fumbi. Zowonjezera zogula pa intaneti nazo zimatsata dera la chimbale: chimbale cha ku South Africa sichilandira zowonjezera zogulidwa ndi akaunti ya ku Japan. Muwauzenso makasitomala kuti pa PlayStation za ku Japan, kuyambira PS1 mpaka PS4, batani lovomereza ndi O ndipo X ndi lobwerera, kuti asaganize kuti padi ndi yowonongeka.

Magetsi ndi amene amawotcha mpamba wa anthu ambiri. Ku Japan ndi 100V, kuno ndi 230V. Adaputala ya Switch imalandira kuyambira 100 mpaka 240, ndiye chimangofunika ndi kapulagi ka mano atatu. Makina akale ngati Super Famicom, PS1 ndi PS2 yaikulu ija amafuna 100V basi, ndipo mukawalumikiza pakhoma mwachindunji amapsa nthawi yomweyo. Werengani chimene chalembedwa kumbuyo kwa makina alionse. Pakakhala 100V yokha, gulitsani pamodzi ndi thiransifoma yotsitsa magetsi ya mawati oposa amene makinawo amadya, ndipo muike mtengo wake m'kati. Makina akalewa amatulutsanso chithunzi cha NTSC, ndiye pa TV zakale za kuno chimabwera chakuda ndi choyera. Pa HDMI vutoli palibe.

Potumiza, Switch, Vita ndi mapadi a PS4 ali ndi mabatire a lithium, ndipo positi ya ku Japan sinyamula mabatire kupita m'maiko ena. Onani kaye pa tsamba la kampani yokuguliraniyo njira zimene zikuloledwa ku adiresi yanu musanalipire chilichonse, chifukwa mwina mungatsale ndi DHL kapena FedEx, amene amawerengera kukula kwa katoni osati kulemera kokha. Mabokosi a makina amatupitsa katoni, ndiye sankhani nokha ngati kasitomala wanu angalipirire bokosi. Maganizo oti muike katundu m'galimoto imene mwaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam aiwaleni: makampani a sitima zonyamula magalimoto salola, ndipo zoikidwa mobisa zimasowa padoko.

Ku MRA makina a magemu amalowa pa nambala 9504.50. Sungani invoisi ya kampani yokugulirani, imene imasonyeza mtengo weniweni ndi wa ndege, chifukwa msonkho ndi VAT amaziwerengera pa zonsezo pamodzi, ndipo popanda pepala ofisala amaika mtengo wake. Mukafuna kukagulitsa ena ku Chipata, dziwani kuti dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa Mchinji ndi Mwami ndi la katundu wopangidwa m'maiko athu ano, ndiye PS4 ya ku Japan sikhudzidwa nalo ndipo imalipiranso msonkho mbali inayo.

Oda yoyamba ikhale yaing'ono: PS4 ziwiri kapena zitatu zoyesedwa kale, mapadi asanu ndi limodzi enieni a Sony, ndi Switch imodzi. Mapadi enieni ndi amene amatha msanga, chifukwa eni mashopu a PS anatopa ndi abodza amene amafa pakatha mwezi. Phatikizani mtengo wogulira, wa kampani, wa ndege, msonkho ndi mtengo umene mwapezera madola enieniwo, osati wolembedwa kubanki, kenako mufunse mtengo wa PS4 yakale ku Limbe ndi ku Lilongwe sabata yomweyo musanadine batani lolipira.