Mafunso Anu: Zojambula za pa miyala ya ku Scotland zija zimanena chani?

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa intaneti zithunzi za miyala italiitali ya ku Scotland yojambulidwa nsomba, njoka, galasi loyang'anira ndi chilombo china chosadziwika bwino. Mzanga akuti ndi zamatsenga, ine ndikuti nzokongoletsa basi. Akunena zoona ndani?
Mayi wowerenga magaziniyi

YANKHO: Zikomo mayi, funso limeneli landisangalatsa kwambiri. Ine ndingati nonse mwaphonya pang'ono. Miyala imeneyo anasema ndi anthu a mtundu wa Pict omwe ankakhala kumpoto ndi kum'mawa kwa Scotland, dzina lawoli limayamba kuoneka m'zolemba za Aroma mu 297 ndipo ufumu wawo unatha cha m'ma 800 mpaka 900 umu. Lero zinthu zokhala ndi zizindikirozi zatsala pafupifupi 350, zambiri ndi miyala koma zinanso ndi zasiliva, monga zija zinapezeka ku Norrie's Law ku Fife.

Nde chifukwa chomwe ndikukanira zoti nzokongoletsa chabe ndi ichi. Tayang'ananinso zithunzizo bwinobwino muona kuti zizindikirozo sizingoikidwa mwachisawawa ayi, kawirikawiri zimakhala ziwiriziwiri, china pamwamba china pansi, ndipo nzomwezomwezo kuchokera ku Fife mpaka kuzilumba za Orkney ndi Shetland. Pali mwezi ukangokhala kumene wodutsidwa ndi kandodo kothyoka ngati chilembo V, pali timabwalo tiwiri tolumikizana todutsidwa ndi kandodo ka Z, kenako chilombo mwanenacho cha mlomo wautali, miyendo yopiringizika kumapeto, ena amati ndi dolphin ena amachitcha njovu yosambira. Galasi ndi chipeso nthawi zambiri zimabwera pansi ngati chowonjezera pa ziwiri zija. Munthu wongokongoletsa sangasunge dongosolo lotere kwa zaka mazanamazana, anthuwa amauzana chinachake.

Chinachakecho nchani? Palibe amene anaziwerenga mpaka pano, a Pict sanasiye buku lomasulira. Ena amati nzizindikiro za mafuko kapena maukwati a pakati pa mabanja akuluakulu, ena amati nzikumbutso za akufa. Koma ganizo lomwe ine limandigwira mtima, ndipo akatswiri ambiri akupendekera komweko, ndi lakuti ziwirizo pamodzi zimatchula dzina la munthu, mwinanso udindo wake. Mu 2018 gulu la Gordon Noble, katswiri wofukula zakale wa ku University of Aberdeen, linafalitsa zomwe linapeza pa Dunnicaer, kathanthwe ka m'nyanja pafupi ndi Stonehaven, kuti zizindikirozi zinayamba kale cha m'ma 200 kapena 300, nthawi yomwe anthuwa amakumana ndi Aroma olemba zilembo. Nkutheka anaona anzawo akulemba nkupanga njira yawoyawo.

Zamatsengazo umboni wake palibe. Muwauze anzanuwo kuti zizindikiro zomwezo zili pa miyala yokhala ndi mtanda yomwe inaimikidwa pafupi ndi matchalitchi.

FUNSO: Inetu chimandizunguza mutu ndi mtanda. Zitheka bwanji mwala umodzi kukhala ndi mtanda kutsogolo, kumbuyo nkhondo ndi zilombo? Kapena anabwera kudzawonjezera ena pambuyo pake?
Bambo wina wokonda mbiri yakale

YANKHO: Ayi bambo, pa miyala yambiri yotere ndi ntchito imodzi. Mu 1903 Romilly Allen ndi Joseph Anderson anagawa miyalayi patatu ndipo anthu akugwiritsabe ntchito kagawidwe kawoko. Yoyamba ndi miyala yosasalaza yomwe angokanda mizere ya zizindikiro, yopanda mtanda. Yachiwiri ndi yomwe mukunenayo, yosemedwa bwino, zithunzi zake zotukuka, mtanda mbali ino zizindikiro zakale mbali inayo, ya m'ma 700 ndi 800 pomwe a Pict anali atalandira chikhristu koma sanataye kalembedwe ka makolo awo. Yachitatu zizindikiro zija palibenso.

Mukafuna chitsanzo chabwino fufuzani mwala wa pa tchalitchi cha Aberlemno ku Angus. Kumbuyo kwake kuli asilikali m'mizere itatu, ena opanda zipewa ena ovala zipewa zachitsulo zotchinga mphuno, ndiye pakona pansi pali mmodzi wagwa mbalame ikumujompha. Ambiri amati ndi nkhondo ya Dun Nechtain ya mu 685 pomwe mfumu ya a Pict, Bridei, inagonjetsa ndi kupha Ecgfrith, mfumu ya Northumbria, ufumu womwe unali kumwera kwawo, ngakhale ena amatsutsa poti mwalawo unasemedwa patapita zaka zambiri. Pamwamba pa nkhondoyo pali zizindikiro ziwiri zikuluzikulu, kuposa asilikali onsewo, ndiye mutha kuona chomwe eni ake amachiwerengera.

Mukadzapita kumeneko musapite nyengo yozizira, miyala ya ku Aberlemno amaitsekera m'mabokosi a matabwa kuopa chisanu ndi mvula. Wina waukulu, Sueno's Stone ku Forres, wotalika kuposa mamita 6, anaumangira nyumba yagalasi ndipo umaoneka chaka chonse.