Yunivesite yathu ilibe supercomputer, kodi kafukufuku atheka?

Achemwali ena omwe akumaliza digiri ya uinjiniya wa makompyuta andilembera imelo. Akufuna kupitiriza ndi masitazi, ndipo mtima wawo uli pa ma supercomputer, makompyuta amphamvu kwambiri, aja amalosera nyengo ndi kuyesa mankhwala atsopano. Chikuwabweza m'mbuyo n'chakuti yunivesite imene yawatenga ili ndi makompyuta ochepa chabe olumikizidwa mu labu. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi sinditaya zaka ziwiri pachabe, pomwe maboma ndi makampani akuluakulu ali ndi makina otiposa kutalitali?"

Achemwali, simutaya nthawi ayi, bola musankhe bwino nkhani yofufuza. Pa kukula kwa makina pokhapo, iwalani zopikisana nawo. Frontier ya ku Oak Ridge, ku America, mu 2022 inakhala yoyamba pa TOP500, mndandanda wa makompyuta 500 othamanga kwambiri padziko lonse, kudutsa exaflop imodzi, kutanthauza masamu okwana 1 wotsatidwa ndi maziro 18 pa sekondi iliyonse, ndipo imadya magetsi oposa mamegawati 20. Mu Novembala 2024 El Capitan ya ku Livermore inailanda mpando. Makina oterewa amakhala m'malabu a boma. Ngakhale mayunivesite olemera kwambiri alibe awoawo ofika pamenepo, amachita kupempha nthawi yowagwiritsa ntchito.

Koma taonani amene anapanga muyeso woyezera makina onsewa. Mndandanda wa TOP500 unayamba mu 1993, ndipo mayeso ake, LINPACK, anachokera kwa Jack Dongarra wa ku University of Tennessee. Mkuluyu analandira mphoto ya Turing ya 2021, yomwe ndi mphoto yaikulu kwambiri pa sayansi ya makompyuta, chifukwa cha mapulogalamu a masamu amene makina akuluakulu amadalira, osati chifukwa chomanga makina.

Chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri pokuyankhani n'chakuti mavuto enieni a gawoli amaonekera ngakhale pa makompyuta ochepa. Mu 1967 Gene Amdahl anaonetsa kuti pulogalamu iliyonse ili ndi mbali imene singagawidwe kwa mapurosesa ambiri, imayenera kuchitika motsatana basi. Tiyerekeze kuti mbaliyo ndi 5 peresenti yokha. Mukaika mapurosesa 16, ntchito ifulumira kokwana ka 9 ndi pang'ono. Mukaika 1,000, ifulumira pafupifupi ka 20, ndipo pa 20 simudzadutsapo ngakhale mutagula mapurosesa miliyoni. Amene wapeza njira yochepetsera 5 peresenti ija kufika pa 2 wathandiza mwini supercomputer kuposa wogulitsa makina, ndipo njirayo angathe kuipeza ali mu labu ngati yanuyo.

Vuto lina, limene kwa ine ndiye lalikulu masiku ano, ndi la kusamutsa deta. Cha m'ma 2005 liwiro la purosesa imodzi linasiya kukwera monga kale chifukwa ma chip anayamba kutentha mopitirira muyeso, ndiye opanga anatembenukira kochulukitsa ma core, timapurosesa ting'onoting'ono, pa chip imodzi. Kuwerengera kunasanduka chinthu chosavuta. Chovuta, ndiponso chodya nthawi ndi magetsi, n'kukatenga manambala ku memory kapena ku kompyuta ina ya pa netiweki. Zili ngati amisiri chikwi pa chipupa koma wilibala yotutira njerwa ili imodzi: ambiri angoima manja m'thumba. Fugaku ya ku Kobe, ku Japan, inafika ma petaflop 442 pa LINPACK (ma petaflop 1,000 ndiwo exaflop imodzi), koma pa mayeso a HPCG, omwe amavutitsa memory ndi netiweki monga amachitira mapulogalamu ambiri a sayansi, inangofika 16. Mpata wa pakati pa manambala awiriwo ndiwo malo anu ogwirira ntchito. Momwe deta yakhalira mu cache (memory yaing'ono yothamanga ya pafupi ndi purosesa), momwe mauthenga akuyendera pakati pa makompyuta, kapena ngati masamu ena angachitike ndi manambala a ma bit 32 m'malo mwa 64 yankho osaonongeka, zonsezi mungaziyeze pa makina anayi okha.

Mbiri nayo ikuvomereza. Maganizo a RISC, opanga purosesa ya malangizo ochepa ndi osavuta, anakhwimira m'magulu a David Patterson ku Berkeley ndi John Hennessy ku Stanford kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ophunzira eniake ndiwo ankajambula ma chip. Ku Berkeley komweko mu 2010 kunabadwa RISC-V, ndondomeko ya malangizo a purosesa yomwe aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito osalipira laisensi. Kwa inu injiniya izi n'zofunika: mutha kuika purosesa yanuyanu pa FPGA (chip imene kamangidwe kake mutha kukasintha nokha), kuionjezera malangizo atsopano, n'kuyeza ngati yathandizadi. Nayo CUDA ya kampani ya Nvidia, njira yolembera mapulogalamu a pa GPU (chip yochita masamu ambiri nthawi imodzi) imene inatuluka mu 2007, inatsogoleredwa ndi Ian Buck, yemwe ali wophunzira ku Stanford anali atapanga kale Brook, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa GPU. Ndipo AlexNet ya ku University of Toronto, pulogalamu yozindikira zithunzi yomwe inagwedeza akatswiri a AI mu 2012, anaiphunzitsa pa ma GPU awiri okha, a mtundu wogulidwa ndi okonda magemu.

Musandimve ngati ndikuti labu yaing'ono ikwanitsa zonse. Pali zina zimene zimangotulukira makompyuta akafika masauzande, monga kuthithikana kwa mauthenga pa netiweki, kapena kuti pa makina ochuluka chonchi, kompyuta ina imafa ntchito ili mkati. Pa zoterezi mufunika simulator, pulogalamu yoyerekezera makina enieni, kapena mgwirizano ndi gulu la kwina. Ofufuza kamangidwe ka mapurosesa ambiri amagwiritsa ntchito simulator yotchedwa gem5 asanakhudze chip yeniyeni. Ndipo mutu wonga "ndiphunzitsa chitsanzo chachikulu cha AI kuyambira pachiyambi" ndingakuletseni, chifukwa pamenepo wopambana amakhala wa thumba lalikulu.

Nthawi ya pa makina aakulu imapemphedwa polemba pulopozo, ndipo oweruza amafuna kuona galafu yoonetsa kuti pulogalamu yanu ikufulumira bwino pa mapurosesa 8, 16, 32. Galafu imeneyo ichokera mu labu mukuiderera ija.

Zoti muphunzire musanayambe sizambiri koma n'zolimba. Linux muidziwe ngati kumanja kwanu, poti kuyambira kumapeto kwa 2017 makina onse 500 a pa mndandanda uja amayendera Linux. Lembani bwino C kapena C++, ndipo musaseke mukakumana ndi Fortran, mapulogalamu ambiri a za nyengo adakali m'chilankhulo chimenecho. Kenako MPI ndi OpenMP, zida zogaŵira ntchito kwa mapurosesa ambiri, ndi kutumiza ntchito pa mzere kudzera mu Slurm. Ophunzira a uinjiniya ambiri amathawa masamu a ma matrix, inu musawathawe. Koposa zonse zoloŵerani kuyeza musanasinthe kanthu, chifukwa pamene munthu amaganiza kuti pulogalamu ikuchedwera, kaŵirikaŵiri sipamene ikuchedwera.

Za mphunzitsi wokuyang'anirani, ŵerengani zimene wasindikiza zaka zaposachedwa, muonenso ngati maina a ophunzira ake amatsogola pa mapepalawo. M'gawo lino mapepala a pa misonkhano ngati SC, ISC ndi ISCA amalemekezedwa mofanana ndi a m'majenale, penanso kuposa. Musanasaine kalata yovomera malo, mufunseni kuti mudzagwira pa pulogalamu iti yeniyeni, ndipo ndani akuidikira kuti ifulumire. Akakuuzani kuti a dipatimenti ya fizikisi kapena ya za nyengo ali ndi pulogalamu imene imawatengera sabata yathunthu, pitani mukacheze nawonso iwowo, mukapemphe pulogalamu yawoyo ndi deta yoyesera, muione nokha musanapange chisankho.