Kodi amadikira ndege igwe kuti aphunzire?

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Za black box timangozimva ndege ikagwa. Kodi eni ndege amadikira anthu afe kaye kuti adziwe pomwe pali vuto?"

Ayi mayi, ngakhale kale zinkakhala choncho ndithu. Bokosilo, lomwe limajambula mawu a oyendetsa ndi momwe ndege ikuyendera, ndipo ndi la mtundu wa lalanje osati lakuda, ndi mboni yomaliza. Zambiri zomwe zimapulumutsa anthu zimachokera ku maulendo omwe anatha bwinobwino, anthu n'kutsika osadziwa kuti china chake chinatsala pang'ono kulakwika.

Pa 1 December 1974 ndege ya kampani ya TWA nambala 514 inawomba phiri la Mount Weather ku Virginia, m'dziko la America, ikutsika kulowera ku bwalo la Dulles, ndipo anthu onse 92 anafa. Oyendetsa sanamvane ndi woongolera ndege wa pansi: atauzidwa kuti ayambe kutera, anaganiza kuti aloledwa kutsika mpaka mafiti 1,800 asanadutse mapiri. Chowawa n'chakuti masabata 6 m'mbuyomo, oyendetsa a United Airlines anapulumukira mkamwa mwa mbuzi pamalo omwewo, pa chifukwa chomwechonso. Anakanena kukampani kwawo, kampaniyo inachenjeza anthu ake, nkhani n'kuthera pomwepo. A TWA sanamve kalikonse.

Ndiye mu 1976 dziko la America linakhazikitsa ndondomeko yolandira malipoti yotchedwa ASRS, komwe woyendetsa ndege, makaniko kapena wothandiza anthu m'ndege amalemba zomwe walakwitsa kapena waona. Taonani nzeru yake: malipotiwo salandiridwa ndi FAA, nthambi ya boma yoyang'anira za ndege yomwe ili ndi mphamvu yolanda munthu laisensi, koma ndi NASA, nthambi yofufuza za mumlengalenga yomwe silanga aliyense ndipo imafufuta dzina la wolemba. Amene walakwa mosadziwa n'kulemba pasanathe masiku 10 amatha kukhululukidwa chilango. Kwa ine mutu wa nkhani ndi umenewu. Ndani angaulule kuti anaiwala kusintha batani akudziwa kuti mawa ntchito yatha? Ukamalanga wonena, malipoti amauma, mabwana n'kumaganiza kuti zonse zili bwino.

Makina nawonso amanena zawo. Ndege zamakono zimalemba liwiro, kutalika, kutentha kwa injini ndi zina zambirimbiri paulendo uliwonse, ndipo zikatera akatswiri amazilowetsa m'kompyuta. Woyendetsa mmodzi akatera mothamanga kwambiri, mwina linali tsiku loipa. Akakhala ambiri pabwalo limodzi, vuto lili pa njira yoterera, ndipo imakonzedwa.

Kufunika kwa zolembedwazi tinakuona kwathu kuno. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 yomwe inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, inalibe black box. Ofufuza a BFU ochokera ku Germany anachita kudalira kachipangizo ka GPS komwe kanali m'ndegemo kuti adziwe momwe inadutsa.